N'chiyani chimakokera anthu ku matchalitchi akale, ngakhale amene sapemphera?

Madzulo a Lolemba pa 15 April 2019, m'sabata imene Akhristu amakumbukira masautso ndi imfa ya Yesu, moto unabuka kudenga la tchalitchi cha Notre-Dame mumzinda wa Paris ku France. Mitengo ya denga, ina yodulidwa zaka 800 zapitazo, inanyeka yonse, ndipo nsanja yosongoka ya pakati inathyoka n'kugwera m'kati dziko lonse likuonera pa wailesi yakanema. M'mphepete mwa mtsinje wa Seine anthu anagwada pamsewu n'kumaimba nyimbo za Amayi Maria mpaka usiku. Pakati pa olirawo panalinso ambiri amene anali asanaponde m'tchalitchi kwa zaka, ndi ena onena poyera kuti za Mulungu sakhulupirira.

Pofika pa 7 December 2024, tsiku limene tchalitchichi chinatsegulidwanso, ndalama zothandizira ntchito yokonza zinali zitakwana mayuro pafupifupi 846 miliyoni, zochokera kwa anthu ndi mabungwe pafupifupi 340,000 a m'mayiko 150. Zonsezi zinachitika m'dziko limene opita ku Misa Lamulungu lililonse ndi ochepa zedi, ndipo boma lake linalekana ndi mpingo mwalamulo kalekale. Ndiye anthuwa ankalirira chiyani? Miyala, mbiri ya dziko lawo, kapena chinachake chimene iwo eni amalephera kuchitchula dzina? Yankho silimodzi, ndipo kuti timve bwino mbali zonse tiyenera kuyamba taona chimene nyumba zimenezi zili, ndi chimene amisiri ake ankafuna kuti munthu amve akalowamo.

Cathedral n'chiyani kwenikweni?

Si tchalitchi chachikulu chilichonse chimene chili cathedral. Cathedral ndi tchalitchi chimene muli mpando wa episkopi, amene a Anglican amamutcha bishopu. Mpandowo ndi weniweni, wooneka ndi maso, ndipo amakhalapo pophunzitsa ndi potsogolera mapemphero a dayosizi yonse. Zili ngati kwa mfumu: m'mudzi mungakhale nyumba zamalata zazikulu kuposa ya amfumu, koma mlandu ukagwa aliyense amadziwa bwalo loti alowere.

N'chifukwa chake tchalitchi cha St Peter ku Vatican, chimene ambiri amachiyesa cathedral ya Papa, si cathedral ayi. Mpando wa Papa monga episkopi wa Rome uli ku St John Lateran. Westminster Abbey ya ku London, kumene mafumu a Britain amavekedwa ufumu, nayonso si cathedral. Kuno kwathu tchalitchi cha St Michael and All Angels ku Blantyre chili ndi maonekedwe onse a cathedral, koma ndi cha CCAP, mpingo woyendetsedwa ndi abusa ndi akulu a mpingo, wopanda mabishopu. Za ku Maula, ku Limbe, ku Bembeke ndi cha St Peter pachilumba cha Likoma ndizo zili ndi mpandowo.

Ku Ulaya episkopi ankakhala mumzinda, ndipo mumzinda ndi mmene munali amalonda, amisiri ndi chuma. Mizinda inayamba kupikisana, uliwonse kufuna kuti nsanja yake ionekere patali kuposa ya anzake. Ntchito yake sinali yoti munthu mmodzi aione chiyambi ndi mathero. Notre-Dame inayambidwa mu 1163 pansi pa episkopi Maurice de Sully, ndipo inatha cha m'ma 1345. Ya ku Cologne ku Germany inayambidwa mu 1248, inaima kwa zaka mazana angapo, n'kudzatha mu 1880. Mmisiri wosema mwala wa maziko ankadziwa kuti denga sadzaliona, ngakhale zidzukulu zake.

Kodi malo angakhale oyera?

Apa m'pamene Akhristu enieniwo amasiyana, ndipo kusiyanako n'kwakale. Akhristu oyamba analibe matchalitchi. Ankasonkhana m'nyumba za anthu. Nyumba yopemphereramo yakale kwambiri imene ofukula zakale anaipeza ili ku Dura-Europos ku Syria: inali nyumba wamba ya banja, imene cha m'ma 240 inagumulidwa khoma limodzi kuti mpingo uzikwanamo, ndipo chipinda china chinasanduka chobatiziramo. Zinthu zinasintha mu 313 pamene mfumu Constantine inalola Akhristu kupembedza poyera. Pomanga matchalitchi oyamba akuluakulu sanatengere akachisi a milungu ya Aroma, koma holo zaboma zoweruziramo milandu, zazitali, za mizere iwiri ya nsanamira. Kapangidwe kameneka, khomo kumbuyo, guwa kutsogolo, anthu pakati, n'kamene tikuonabe mpaka lero ngakhale m'matchalitchi a kumudzi.

M'Baibulo muli mawu amene mbali zonse ziwiri zimatsamirapo. Yakobo atadzuka ku maloto ake pa Beteli ananena kuti malowo ndi oopsa, ndi nyumba ya Mulungu ndi khomo la kumwamba, ndipo anaimika mwala n'kuuthira mafuta. Koma Stefano, asanaponyedwe miyala, anauza akulu a Ayuda kuti Wam'mwambamwamba sakhala m'nyumba zomangidwa ndi manja, ndipo Yesu anauza mayi wa ku Samariya kuti ikudza nthawi imene anthu sadzapembedza paphiri lija kapena ku Yerusalemu, koma mumzimu ndi m'choonadi.

Akatolika ndi a Orthodox amati nyumba ikadalitsidwa imapatulidwa ndithu. Pa mwambo wopatula tchalitchi episkopi amadzoza guwa ndi makoma ndi mafuta oyera, amafukiza lubani, ndipo m'guwamo amaikamo zotsala za anthu oyera, monga tizidutswa ta mafupa awo. Zimenezi zinachitika ku Notre-Dame pa 8 December 2024, pamene Arkiepiskopi Laurent Ulrich anadzoza guwa latsopano n'kuikamo zotsala za oyera asanu. Kwa Mkatolika, kanyali kofiira koyaka pafupi ndi tabernakulo, kabokosi kosungiramo mkate wopatulika, kakutanthauza kuti Khristu ali momwemo mu Ukaristia, ndiye kugwada polowa si mwambo chabe.

Otsatira a John Calvin, mmodzi wa okonzanso mpingo a m'zaka za m'ma 1500, anaona mosiyana. Kwa iwo mpingo ndi anthu, ndipo nyumba ndi pongobisalira mvula pomva Mawu. Ankaopa kuti zithunzi ndi ziboliboli zikusocheretsa anthu kuti azipembedza zopangidwa ndi manja. Mu 1566 ku Netherlands ndi ku Belgium ya lero makamu a anthu analowa m'matchalitchi n'kuphwanya ziboliboli ndi magalasi, ndipo matchalitchi ambiri anapakidwa laimu n'kutsala ndi gome la mlaliki pakati. Mipingo ya chipentekoste imene imapemphera m'kalasi ya sukulu kapena m'tenti, Mzimu n'kuwayendera momwemo, ili pamzere womwewu. Chodabwitsa n'chakuti ambiri a mbali iyi akalowa m'cathedral yakale nawonso amatsitsa mawu.

Kuwala, kutalika ndi mawu

Kukoka kumene anthu amamva sikunangochitika mwangozi. Amisiri anakukonza dala, ndipo tikudziwa kumene nzeruyo inayambira.

Matchalitchi a ku Ulaya a m'zaka za m'ma 1000 anali a makoma ochindikala ndi timazenera ting'onoting'ono, chifukwa denga lamwala n'lolemera ndipo limakankhira makoma kunja. Ukaboola zenera lalikulu, khoma limang'aluka. Cha m'ma 1140, mkulu wa amonke a ku Saint-Denis pafupi ndi Paris, dzina lake Suger, anamanganso mbali ya kuguwa ya tchalitchi chake, ndipo inadalitsidwa mu 1144. Suger ankakhulupirira kuti kuwala ndi chizindikiro cha Mulungu, ndipo kuti mtima wa munthu, umene sungathe kuona zakumwamba pawokha, umakwera pang'onopang'ono kudzera mu zinthu zokongola zooneka ndi maso. Anafuna tchalitchi chodzaza kuwala, ndipo amisiri ake anapeza njira.

Njirayo inali yochotsera makoma katundu. M'malo mwa makomo ndi madenga okhota mozungulira anamanga osongoka pamwamba, amene amatsitsira kulemera pansi kusiyana n'kukankhira m'mbali. Denga analimanga pa nthiti zamiyala zopingasana, ndipo nthitizo zimasonkhanitsa kulemera konse n'kukutula pa nsanamira zowerengeka. Patapita zaka pang'ono anawonjeza zipilala zoima kunja kwa nyumba, zokhala ndi mikono yamiyala yofikira pamwamba pa khoma n'kumalichirikiza. Mukaona chithunzi cha Notre-Dame chojambulidwa chakumbuyo, mikono ija yotambasuka mozungulira ndi imeneyi. Khoma likapanda katundu lingathe kusanduka galasi. Kamangidwe kameneka n'kamene pambuyo pake kanatchedwa Gothic.

Taganizani mlimi wa m'zaka za m'ma 1200, wokhala m'kanyumba kamdima kodzaza utsi, amene usiku kuwala kwake n'kandulo. Akulowa pakhomo la kumadzulo, lozunguliridwa ndi ziboliboli za chiweruzo chomaliza. Pakhomopo pali mdima, ndipo akangodutsa, denga lathawira m'mwamba mamita oposa 30, kutalika kwa nyumba ya nsanjika 10. Nsanamira zonse zikukokera maso m'mwamba. Kutsogolo, kum'mawa kumene kuli guwa, dzuwa likulowa kudzera m'magalasi ofiira ndi obiriwira ngati thambo, n'kumayala mitundu pansi pamene waponda. Kuwerenga sadziwa, koma pa magalasipo akuona Nowa, Yosefe, mwana wolowerera. Ku Chartres, kumene tchalitchi chinamangidwanso moto utachiwononga mu 1194, mazenera ambiri a nthawi imeneyo adakalipo, ndipo m'munsi mwa ena muli zithunzi za ophika buledi, osoka nsapato ndi akalipentala, magulu a amisiri a mumzindawo. Ine mbali imeneyi imandikhudza kuposa nsanja zonse: munthu wa ntchito yamanja akudziona pagalasi limodzi ndi aneneri.

Mpikisano wa kutalika unali ndi malire ake. Ku Beauvais anakweza denga kufika mamita 48, ndipo mu 1284 mbali ina inagwa. Tchalitchicho sichinathe mpaka lero.

Ndiye pali mawu. M'nyumba yamiyala yaikulu chotere mawu sazimirira msanga, amangozungulira kwa masekondi angapo. Munthu akalankhula mofulumira sizimveka, koma akaimba pang'onopang'ono liwu loyamba limakumana ndi lachiwiri m'mwamba, ndipo woimba mmodzi amamveka ngati gulu. Nyimbo za amonke zoyenda mwapang'onopang'ono zinakulira m'nyumba zotere, ndipo ku Notre-Dame komweko, cha m'ma 1200, oimba Léonin ndi Pérotin anakuza luso loimba mawu awiri, atatu mpaka anayi nthawi imodzi. Makwaya athu oimba soprano, alto, tenor ndi bass akuyenda m'njira imene inalambulidwa m'nyumba ngati zimenezi. Limba lalikulu la Notre-Dame lili ndi mapaipi pafupifupi 8,000. Moto sunalifike, koma fumbi la mtovu wosungunuka wa padenga linalowa paliponse, ndipo anachita kuliphwasula n'kutsuka paipi iliyonse payokha.

Akhristu a kum'mawa anatsata njira ina koma cholinga n'chomwecho. Hagia Sophia ya ku Constantinople, mzinda umene lero ndi Istanbul, inatha mu 537 pansi pa mfumu Justinian. Denga lake lozungulira lili pamwamba pa mzere wa mazenera, moti dzuwa likalowa limaoneka ngati likungolendewera. Mbiri yakale ya ku Kyiv imasimba kuti nthumwi za mfumu Vladimir, zitapita kukaona mapemphero kumeneko, zinabwerera n'kunena kuti sizinadziwe ngati zinali kumwamba kapena pansi pano. Ku Lalibela ku Ethiopia sanamange chokwera ayi, anakumba chotsika: matchalitchi 11 osemedwa m'thanthwe cha m'zaka za m'ma 1200, ndipo wopemphera amachita kutsikira m'ngalande, nsapato atavula, kuti alowemo.

Zotsala za oyera ndi maulendo a chipembedzo

Anthu akale sankayenda mitunda italiitali kuti akaone kamangidwe. Ankapita kukayandikira munthu woyera. Kuyambira nthawi ya mazunzo Akhristu ankapemphera pa manda a ofera chikhulupiriro, ndipo matchalitchi ambiri otchuka anamangidwa pamwamba pa manda. La St Peter ku Rome lili pamalo amene mwambo wa mpingo umati panaikidwa Petro. Cathedral ya ku Cologne inamangidwa kuti isunge mafupa amene amati ndi a anzeru akum'mawa aja, amene anafika mumzindawo mu 1164. Ku Canterbury ku England, Arkiepiskopi Thomas Becket anaphedwa m'tchalitchi momwemo mu 1170 ndi asilikali a mfumu Henry II, ndipo pasanathe zaka zambiri malowo anasanduka kopita odwala ndi olapa a ku Ulaya konse.

Notre-Dame imasunga nkhata imene amati ndi chisoti chaminga cha Yesu, chimene mfumu Louis IX inabwera nacho ku Paris mu 1239. Usiku wa moto uja ozimitsa moto ndi apolisi, pamodzi ndi wansembe wa ozimitsa motowo Jean-Marc Fournier, analowa n'kuchitulutsa denga likuyaka. Akatswiri a mbiri sangathe kutsata chisotichi mpaka pa Gologota, ndipo Mpingo wa Katolika sukakamiza munthu kukhulupirira kuti chinthu chakutichakuti n'chenicheni. Okonzanso mpingo a m'zaka za m'ma 1500 anatsutsa kwambiri malonda ndi chinyengo zimene zinalowerera pa zinthu zotere. Olemekeza zotsalazi amayankha kuti salambira fupa kapena mtengo, koma amakumbukira mwini wake ndi Mulungu amene anamutumikira.

Chimene palibe angatsutse ndi zizindikiro zimene anthuwo anasiya. Masitepe amiyala opita kumene kunali manda a Becket anakumbika pakati chifukwa cha mapazi ndi mawondo. Phazi la chiboliboli chamkuwa cha Petro ku Rome linasalala mpaka zala kufufutika, chifukwa cha kugwiridwa ndi kupsompsonedwa. Pa nsanamira ya pakhomo la cathedral ya Santiago de Compostela ku Spain pali timaenje tisanu pamene apaulendo ankaika zala pofika. Ambiri amene amapita m'malo amenewa amati chowagwira mtima si kukula kwa nyumba, koma kudziwa kuti pamene wagwadapo panagwada anthu osawerengeka, aliyense ndi mavuto ake, mwana wodwala, ngongole, tchimo losautsa.

Maulendowa sanathe. Ku Santiago, amene wayenda pansi makilomita 100 omaliza kapena kupalasa njinga makilomita 200 amalandira chikalata, ndipo mu 2024 olandira anali pafupifupi theka la miliyoni. Si onse amene ali opemphera. Ena angoferedwa, ena ukwati watha, ena ntchito yatha, ndipo akufuna njira yaitali yokhala ndi pothera.

Makoma osunga zowawa

Matchalitchi ena amakoka chifukwa cha chimene chinachitika pamalopo. Usiku wa pa 14 November 1940 ndege za Germany zinaphulitsa mzinda wa Coventry ku England, ndipo cathedral yake inapsa. Mkulu wa tchalitchicho, Richard Howard, analembetsa mawu awiri pakhoma la bwinjalo opempha Atate kuti akhululuke, osatchula woti akhululukidwe, pofuna kunena kuti onse ndi olakwa. Bwinjalo analisiya chomwecho, ndipo tchalitchi chatsopano, chodalitsidwa mu 1962, anachimanga pambali pake. Mtanda wopangidwa ndi misomali ya denga lakupsalo unasanduka chizindikiro cha ntchito yoyanjanitsa adani m'mayiko ambiri.

Nkhani yotereyi ili pafupi ndi ife. Ku Zanzibar, amishoni a UMCA, a mpingo wa Anglican, motsogozedwa ndi Bishopu Edward Steere anayamba mu 1873 kumanga tchalitchi cha Christ Church pamalo pamene panali msika wa akapolo, msika umene anthu ambiri ogwidwa m'mbali mwa nyanja yathu anagulitsidwirapo. A mishoni yomweyo ndi amene anamanga cathedral ya St Peter ku Likoma, kuyambira mu 1903, n'kuipatula mu 1911. Anasankha malo otchedwa Chipyela, pamene ankawotcherapo anthu oganiziridwa ufiti. Munthu akatsika sitima ya Ilala n'kukwera kamtunda, n'kuona chinyumba chotere pakachilumba ka miyala ndi milambe, samvetsa kuti zinatheka bwanji. Zinatheka ndi manja ndi mitu ya anthu a pachilumbapo, amene anaphwanya miyala, kuumba njerwa ndi kusenza.

Chimodzimodzi ku Blantyre. M'busa David Clement Scott sanaphunzire za kamangidwe, ndipo amisiri ake anali anthu a m'deralo amene anali asanamangepo nyumba yotere. Njerwa anaumba n'kuwotcha pomwepo. Ntchito inayamba mu 1888 ndipo tchalitchicho chinatsegulidwa mu May 1891, mwezi womwewo umene Britain inalengeza kuti dziko lino lili pansi pa chitetezo chake. Apa pali mfundo imene anthu amaiona mosiyana. Ena akaona makomawa amaona chikumbutso cha nthawi imene chipembedzo ndi utsamunda zinafika pamodzi, ndipo amafunsa chifukwa chake mayina a azungu ali pa zikwangwani pamene a oumba njerwa sakudziwika. Ena amati nyumbazi zinasiya kalekale kukhala za amishoni, popeza agogo awo anabatizidwiramo, makolo awo anamangitsiramo ukwati, ndipo mwambo wa maliro a abale awo unachitikira momwemo. Munthu mmodzi angathe kumva zonse ziwiri atakhala pabenchi imodzi.

Zimene ofufuza za maganizo amanena

Akatswiri a maganizo a munthu ali ndi kufotokoza kwawo. Mu 2003 Dacher Keltner ndi Jonathan Haidt a ku America analemba za kuzizwa, kuja kumene munthu amamva akaima pamaso pa chinthu chachikulu koposa chimene nzeru zake zinazolowera. Iwo anati pamafunika zinthu ziwiri: ukulu wa chinthucho, ndi kulephera kwa maganizo kuchilongosola msanga. Kafukufuku wotsatira anasonyeza kuti munthu wozizwa amadziona wochepa ndipo amaiwalako za iye yekha. Zotere zimachitikanso pa mathithi a Victoria kapena patsinde pa phiri la Mulanje. Kale mu 1917 Rudolf Otto, katswiri wa zaumulungu wa ku Germany, anali atafotokoza kale za mantha osakanikirana ndi kukopeka amene munthu amamva pamaso pa choyera, koma iye ankati ndi yankho la mtima kwa Wina amene alipodi.

Kafukufuku angathe kuyeza kugunda kwa mtima ndi zimene munthu wanena potuluka. Gwero lake sangathe kuligamula. Wosakhulupirira amati amisiri anadziwa mogwirira ubongo wa munthu ndi kuwala ndi kutalika. Wokhulupirira amati Mulungu amene analenga ubongowo angathenso kulankhula kudzeramo. Onse awiri akufotokoza chinthu chimodzi chimene amva, ndipo palibe amene akunama.

Ndalama, ndi mwini wake ndani?

Pasanathe masiku awiri moto utabuka ku Notre-Dame, mabanja awiri olemera kwambiri ku France, la Pinault ndi la Arnault, analonjeza mayuro 100 miliyoni ndi 200 miliyoni. Nthawiyo n'kuti anthu ovala majekete achikasu akuchita zionetsero za kukwera mtengo kwa zinthu, ndipo ambiri anafunsa kuti ndalama zotere zimabisala kuti anthu akamagona mumsewu. Funsoli n'lakale ngati matchalitchiwo. Cha m'ma 1125 Bernard wa ku Clairvaux, mmonke wa nthawi ya Suger yemweyo, anadandaula kuti mpingo ukunyezimira m'makoma pamene osauka ake ali usiwa. Ntchito yomanganso St Peter ku Rome, imene inayamba mu 1506, inalipiridwa mwa zina ndi ndalama za zikalata za chikhululukiro, ndipo malonda a zikalatazo ndi amene anautsa Martin Luther mu 1517. Oikira kumbuyo nyumbazi amakumbutsa za mayi amene anatsanulira Yesu mafuta onunkhira a mtengo wapatali, ndipo amati cathedral ndi chuma chokhacho chotere chimene wosauka amalowamo pakhomo limodzi ndi mfumu. Amatinso ntchito ya ku Notre-Dame inalemba anthu pafupifupi 2,000 n'kutsitsimutsa luso losema mitengo ndi nkhwangwa limene linkazilala.

Za umwini n'zosokonezanso. Malinga ndi lamulo la 1905 lolekanitsa boma ndi mpingo, Notre-Dame ndi katundu wa boma la France, pamodzi ndi ma cathedral ena, onse 87. Mpingo umangopatsidwa ufulu wopemphereramo. N'chifukwa chake Purezidenti Emmanuel Macron ndi amene analonjeza zomanganso m'zaka zisanu, ndipo ndi amene mu 2020 anavomereza kuti nsanja ibwezeretsedwe monga mmene katswiri wa zomangamanga Eugène Viollet-le-Duc anaimangira m'zaka za m'ma 1800. Si koyamba boma kuika dzanja pa nyumbayi. Mu 1793, nthawi ya kuukira ufumu, inalandidwa n'kusandutsidwa kachisi wolemekeza nzeru za munthu, ndipo ziboliboli za mafumu a Yuda za pakhomo zinadulidwa mitu poziyesa za mafumu a France. Mitu 21 inapezeka itakwiriridwa mu 1977.

Mafunso amene akadali poyera

Loyamba ndi la pakhomo. Moto usanachitike Notre-Dame inkalandira alendo pafupifupi 12 miliyoni pachaka. Mu October 2024 nduna ya zachikhalidwe, Rachida Dati, inati alendo odzaona malo azilipira mayuro 5 kuti ndalamazo zikonzere matchalitchi a m'midzi amene akugwa. Akuluakulu a mpingo ku Paris anakana, ponena kuti sangathe kusiyanitsa pakhomo wodzapemphera ndi wodzajambula zithunzi, popeza munthu angalowe ndi kamera n'kutuluka atapemphera. Ku England, St Paul's ndi Westminster Abbey amalipiritsa odzaona malo koma pa nthawi ya mapemphero kulowa n'kwaulere. Njira yachilungamo ndi iti, nanga khamu la alendo likachuluka, bata limene anthu akudzafunalo lidzapezekabe?

Lachiwiri ndi la kusintha. Boma la France linasankha wojambula Claire Tabouret kuti apange magalasi atsopano a mazenera 6, m'malo mwa a m'zaka za m'ma 1800 amene moto sunawawononge, ndipo anthu oposa 200,000 anasainira kalata yotsutsa. Ena amati m'badwo uliwonse unkawonjezera chake ndipo wathu usaletsedwe. Ena amati chopulumuka pamoto sichiyenera kuchotsedwa ndi manja. Ngakhale chimene chinayambitsa motowo sichinadziwike motsimikiza: ofufuza sanapeze umboni woti wina anayatsa dala, ndipo amaganizira waya wamagetsi kapena ndudu.

Lachitatu ndi la nyumba zimene zipembedzo ziwiri zimati n'zawo. Hagia Sophia inali tchalitchi kwa zaka zoposa 900, inasanduka mzikiti mu 1453, nyumba yosungiramo zakale m'zaka za m'ma 1930, ndipo mu July 2020 boma la Turkey linaibwezera kukhala mzikiti. Ku Córdoba ku Spain zinayenda mosemphana: mzikiti waukulu unasanduka cathedral mu 1236, ndipo Asilamu saloledwa kupempheramo. Amene ali ndi ufulu ndi amene anamanga, amene apempheramo nthawi yaitali, kapena amene akulamula lero?

Palinso funso la matchalitchi amene atha anthu. Ku Maastricht ku Netherlands tchalitchi cha m'zaka za m'ma 1200 tsopano ndi sitolo ya mabuku, ndipo ena ku Ulaya asanduka nyumba zogona ndi malo odyera. Kodi kukoka kuja kumakhala m'miyala, kapena kumadalira kuti pakhale anthu opempheramo tsiku ndi tsiku, ngakhale atakhala agogo asanu pa Misa ya m'mawa?

Kwa ife vuto n'lotembenuka. Anthu m'matchalitchi alipo mpaka kusefukira, koma ndalama zosamalira nyumba za zaka zoposa 100 n'zochepa, ndipo denga likayamba kudontha njerwa zakale sizichedwa kufumbutuka. Mpingo umene ukufunika kumanga tchalitchi chatsopano kudera kumene anthu akupemphera pansi pa mtengo, ugawe bwanji chopereka pakati pa ntchitoyo ndi kukonza chakale? Nanga boma, limene limaonetsa St Michael ndi Likoma pokopa alendo, gawo lake pa kukonzako n'lotani?